Nyumba Yokonzera Alamu

"Musaugwire mgolowo! Muli chinangwa changa mmenemo, sichinafewe n'komwe!"

NyaMhone anatuluka m'nyumba akuthamanga, duku lili m'manja, koma amisiri awiri anali ataupendeketsa kale mgolowo. Madzi otuwa anakhuthuka n'kuyenderera mpaka pa nsapato zosongoka za a Gibson Longwe. A Gibson analumpha ngati aponda khala lamoto.

"Mwaona, alamu? Zimene ndikunena ndi zimenezi! Kuseri kwa nyumba ya bambo anga kwasanduka dambo. Uku migolo, uko thandala la makaka, apo khola la abakha. Munthu ukangotsika minibasi pa Kande, fungo ndilo limakulondolera njira."

"Fungo limenelo ndi limene linakulerani," anatero NyaMhone akutola chinangwa chawo m'matope. "Ku Joni munapita ndi miyendo ya kondowole."

"Zakale zimenezo. Pano tikudzala kapinga. Apo pabwera samahati ya udzu, mipando yake ya simenti. Apa kanjira ka njerwa, m'mbali maluwa. Nyumba nayo tikuisasula denga: malata atsopano, siling'i, matailosi, penti. Zaka zonsezi mwangoiyang'ana ikugwa."

"Ndangoiyang'ana? Ming'alu amamata ndani chaka ndi chaka? Chiswe amakumba ndani? Mkulu wanu Amosi akudwala, mvula ikudonthera pabedi pake, ndinakwera ndekha padenga ndi miyala ndi mapepala apulasitiki. Inu munatitumizira chithunzi chanu mutatsamira galimoto ya eni ake."

Amisiri aja anatembenukira kukhoma, mapewa akugwedezeka.

Pansi pa mtengo wa mango panali Sellina, mkazi wa a Gibson, kampango kali pamphuno. Iyeyu kwawo kunali ku Mulanje. Anakumana ndi mwamuna wakeyo ku Joni, ndipo Chitonga ankangomva moni ndi mawu otukwana basi. N'chifukwa chake pabanjapo akafuna kukangana mokwanira ankakangana m'Chichewa, kuti naye asatsalire.

"Akulu, musapse mtima," anatero Sellina. "Mudzaikonda ikatha. Ngakhale chimbudzi chikhala cham'nyumba."

"Nanga denga likasasulidwa ine ndigona kuti?"

"Kukhitchini, alamu," anayankha a Gibson akupukuta nsapato ndi tsamba la nthochi. "Kanthawi kochepa chabe, amisiri angomaliza."

NyaMhone anayang'ana khitchiniyo: kanyumba ka dothi kakuda ndi mwaye, chitseko cha bango. A Gibson ndi mkazi wawo anali ndi nyumba yawo yanjerwa pa Chintheche, zipinda zina zongokhala. Palibe amene anaitchula. Madzulo a tsiku lomwelo bedi la NyaMhone linali litalowa kale m'khitchini, miyendo iwiri pa mafuwa.

Ntchito inayenda mofulumira. Malata adzimbiri anatsika, abuluu anakwera. Makoma anapakidwa, mawindo a matabwa anachoka n'kubwera a magalasi. Thandala linagwetsedwa, abakha anawakankhira kumunda wa chinangwa, ndipo kapinga amene anagulidwa kuloji ina ya kugombe anayamba kuthiriridwa m'mawa ndi madzulo ngati mwana wodwala.

Lamulungu lina a Gibson anaima m'tchalitchi atavala suti yonyezimira. Mpingo unali pafupi kusankha wapampando wa komiti yomanga tchalitchi chatsopano, ndipo iwo mpandowo ankaufuna mosabisa. Abusa atawalandira ngati mwana wobwerera kwawo, a Gibson anatulutsa kampango n'kupukuta diso louma.

"Abale ndi alongo, ine sindinabwerere china. Ndabwera kudzapukuta misozi ya alamu anga, namfedwa wa mkulu wanga. Nyumba mukuiona ikuwala ija sindikukonzera ine ayi. Ndikukonzera iwowa, kuti ukalamba wawo akaudyere pabwino."

Tchalitchi chonse chinalira nthungululu. Amayi amene anakhala pafupi ndi NyaMhone anawagwira m'mapewa. "Mwadalitsika, ama! Alamu otere sapezekanso." NyaMhone nawonso anagwetsa msozi, ndipo wawowo unali weniweni. Anadziona ngati wochimwa chifukwa cha mawu aja a galimoto ya eni ake.

Amisiri atamaliza m'kati, zitseko zinaikidwa maloko atsopano. NyaMhone anapempha kiyi.

"Penti sinaume, alamu."

Sabata yotsatira anapemphanso.

"Penti imeneyi ndi ya ku Joni, imauma pang'onopang'ono."

Inalidi penti yodabwitsa. Dzuwa la Okutobala linkaumitsa usipa tsiku limodzi, koma iyo ayi.

Tsiku lina masana NyaMhone anali m'khitchini akusefa ufa, chitseko atatseka chifukwa cha mphepo. A Gibson, poganiza kuti alamu awo ali kumunda, anaima kuseri kwa khitchiniyo n'kuyamba kulankhula pafoni, mokweza ngati mmene amalankhulira anthu ozolowera phokoso la m'tauni.

"A Frackson! Eee, nyumba yanu yatha, bwana. Simudzakhulupirira. Kuseri kuli ngati kuhotela, mukaweruka kuchipatala muzidzangokhala m'samahati n'kumamwa tiyi. Loweruka lomaliza la mwezi uno mubwere ndi katundu... Agogo ake ati? Ooo, amene munawaona tsiku lija? Ayi, amenewo ndi ongosesa pabwalo. Akakusowetsani mtendere mudzandiuze, tidzawakweza boti kupita kwawo ku Usisya."

Sefa inaima m'manja mwa NyaMhone. Ku Usisya anachokako ali mtsikana. Makolo awo anagona kalekale, ndipo pamalo pamene panali nyumba yawo panamera mitengo. M'nyumba ya a Longwe imeneyi ndi mmene anasamalira apongozi awo aamuna mpaka kuwatseka maso, kenako apongozi aakazi, kenako Amosi. Lero anali ongosesa pabwalo.

Anadikira galimoto ya a Gibson ichoke, n'kuvala chitenje chabwino, ulendo kwa NyaManda, mnzawo wakalekale amene analinso mtsogoleri wa Umanyano, gulu la amayi a mumpingo.

NyaManda atamva nkhaniyo anaponya pansi mpeni umene ankasendera chinangwa. "Galu ameneyo! Atanena zija pamaso pa Chiuta? Tiyeni kupolisi pa Chintheche. Kuli ofesi yomva madandaulo a amayi."

"Ndikapita kumeneko, mudzi wonse uziti NyaMhone wamangitsa mlamu wake womukonzera nyumba. Gibson pakamwa m'pakuthwa. Akana kuti sananene, ndipo mboni yanga ndi sefa."

"Ndiye mungokhala?"

"Ayi. Ine ndikufuna kumuthokoza."

"Kumuthokoza?"

"Kwambiri. Mpaka zimuwawe."

NyaManda anawayang'ana, kenako anayamba kuseka, kuseka mpaka kutsokomola.

Kuyambira tsiku limenelo a Gibson sanaonenso mtendere. Akaima pamsika wa Kande kugula nsomba za batala, NyaMhone ankatulukira n'kugwada pamchenga, kuthokoza m'Chitonga. "Yewu, alamu! Yewu ukongwa! Inu amayi ogulitsa nsomba, muwaone bwino bambowa, ndi amene andikonzera nyumba!" Akadutsa pamjigo, amayi onse ankasiya zidebe n'kuwaombera m'manja. Makondakitala a minibasi anayamba kuwatchula kuti Bambo wa Amasiye. Poyamba a Gibson ankamwetulira n'kukweza dzanja ngati phungu. Pakutha pa sabata ankayendetsa galimoto magalasi atatseka.

Lamulungu lotsatira, nthawi ya zolengeza, NyaMhone anapita kutsogolo atakupatira bakha wamkulu wamphongo, miyendo yomanga.

"Abusa, ndilibe siliva ndilibe golide. Bakha uyu ndi wa alamu anga, chithokozo changa. Ndipo ndikupempha mpingo wonse, makamaka amayi a Umanyano, mubwere Loweruka lomaliza la mwezi uno mudzandilowetse m'nyumba ndi pemphero. Ndilo tsiku limene alamu akonza."

Abusa anawala nkhope. "Tidzabwera! A Longwe, bwerani mulandire mphatso yanu."

A Gibson anapita kutsogolo monyinyirika. Bakha uja atangofika m'manja mwawo anachita zimene abakha amachita, ndipo suti yonyezimira inalandira gawo lake.

Panja pa tchalitchi anawakokera alamu awo pambali.

"Ndani wakuuzani za Loweruka limenelo?"

"Ndinalota, alamu. Kodi ndalakwitsa tsiku?"

"Simukanayamba mwandifunsa?"

"Ndikanakufunsani mukanakana, ndimakudziwani ndinu munthu wosafuna kutamandidwa."

A Gibson anayesa kuimbira a Frackson kuti asunthe tsiku, koma a Frackson anati galimoto yonyamula katundu anapangana nayo kale, ndipo kumene ankakhala mongoyembekezera anali atatsanzika. A Gibson anangowapempha kuti afike dzuwa litapendeka. M'mutu mwawo anakonza bwinobwino: pemphero m'mawa, fanta ndi mabanzi, anthu abalalike masana asanakwane, alamu abwerere kukhitchini, alendi alowe. Zinazo adzaziona pambuyo pa chisankho cha komiti. Anaiwala chinthu chimodzi chokha. Anakhalitsa ku Joni, sankakumbukiranso kuti amayi a Umanyano akayamba kuimba sayang'ana dzuwa.

Loweruka lija kuseri kwa nyumba kunalidi kokongola, ngakhale NyaMhone anavomereza mumtima. Kapinga anali atagwirana, wobiriwira ngati nthawi ya dzinja. Kanjira ka njerwa kankakhota kuzungulira mtengo wa mango mpaka pasamahati, ndipo m'mbali mwake munali maluwa ofiira m'matayala akale opakidwa laimu. Abusa anakhala m'samahatimo. Amayi a Umanyano, mabulauzi oyera ndi maduku oyera, anadzaza kapinga yense.

A Gibson analankhula mwachidule modabwitsa. Abusa anapemphera motalika. Atangoti ameni, a Gibson anaomba m'manja. "Yewu nonse, fanta ali apo, mukafike bwino!"

Koma NyaManda anali atayambitsa kale nyimbo, ndipo amayi anandandalika kulowera kukhitchini. Anatulukamo wina atasenza matiresi, wina sutikesi, awiri atanyamula bedi, wina chithunzi cha malemu Amosi. Anazungulira nyumba akuvina n'kukaima pakhomo lakumaso, NyaMhone ali patsogolo.

"Tsegulani, a Longwe," anatero abusa.

"Abusa, vuto ndi penti. Sinaume."

Abusa anapita pawindo limene linali lotsegula, analowetsa dzanja, n'kupaka chala pakhoma. Anachiyang'ana, anachionetsa kumpingo.

"Yauma, a Longwe. Chiuta ngwabwino."

"Ameni!" anayankha amayi.

A Gibson anadzipapasa m'matumba onse. "Aaa, taonani! Makiyi ndaiwala ku Chintheche." Anaponya diso kwa Sellina, amene anakumbatira kachikwama kake n'kuyang'ana kumbali.

"Palibe kanthu," anatero NyaManda. "Pitani mukatenge. Ife nyimbo tili nazo."

A Gibson sanapite. Ankangoyendayenda, foni kukhutu, koma foni ya a Frackson sinkapezeka. Amayi anatula katundu pakhonde n'kupitiriza kuimba. Anatha nyimbo za m'buku, anayamba zapamtima. Fanta anatha. Mthunzi wa mango unachoka mbali ina kupita mbali ina. Palibe amene ananyamuka.

Kenako kumsewu kunamveka hutala. Lole yaing'ono inakhota n'kulowa pabwalo, pamwamba pali masofa, firiji, njinga ndi ana atatu. Kutsogolo kunatsika bambo wamfupi wansangala, amene anali atangotumizidwa kumene kuchokera ku Dedza kudzagwira ntchito pachipatala chaching'ono cha m'deralo. Ataona khamu la amayi ovala zoyera likuimba, anavula chipewa, nkhope yonse mano okhaokha.

"Mayi a ana, tsika udzaone!" anaitana mkazi wake. "Ankatiuza kuti anthu a kunyanja ndi ovuta. Taona mmene atilandirira! Mpaka abusa!"

Anayamba kugwira chanza aliyense, mmodzimmodzi. "Frackson Kachingwe, zikomo kwambiri. Frackson Kachingwe, mwatilemekeza." A Gibson anathamangira kuti awakokere kuseri, koma a Frackson anawakumbatira.

"A landilodi! Zonsezi osandiuza? Nyumba yokongola, ndiponso kwaya!" Atatero anaona NyaMhone ataima pakhomo. "Aaa, agogo athu osesa aja ndi amenewa? Agogo, musadandaule, ife sitivuta. Tsache tabwera nalo latsopano."

Nyimbo inaduka pakati. Kunangomveka abakha kumunda.

"A Longwe," anatero abusa mofatsa, "bambowa ndi ndani?"

"Awa... awa ndi anzanga. Abwera kudzaona maluwa."

"Ndi firiji?" anafunsa NyaManda.

A Frackson anayang'ana a Gibson, anayang'ana bedi limene linali pakhonde, anayang'ana chithunzi cha malemu. Kumwetulira kunayamba kuchoka. "Pepani abusa, ine ndachita lendi nyumba ino. Tinagwirizana kuti ndilowa lero. Kodi mayiwa ndi ndani?"

"Ndine mkazi wa mkulu wawo," anayankha NyaMhone. "Ndinalowa m'nyumba muno alamu angawa akuyenda opanda kabudula. Koma kusesa ndimasesadi, sananame."

Amayi ena anaseka, ena anagwira pakamwa. A Gibson anaona mpando wa komiti ukuwuluka, ndipo mkwiyo unawakwera kumutu.

"Chabwino! Mukufuna chilungamo? Nyumba iyi ndi ya a Longwe! Anamanga ndi bambo anga, ndakonza ndi ine. Awa ndi a Mhone, kwawo ndi ku Usisya. Anabwera chifukwa cha ukwati, ndipo ukwatiwo uli kumanda. Mwana wamwamuna sanatisiyire. Mkazi wobwera alibe nyumba pamudzi pa eni ake! Khitchini imene ndawasiyira ija ndi chifundo changa!"

NyaMhone ankadziwa kuti alamu awo amaganiza choncho, koma kuzimva masana, pamaso pa anthu, pakhonde pamene ankakhazika Amosi kuti awothere dzuwa, kunawalasa kuposa mmene ankayembekezera.

"Mwati bwanji, bambo a Tawina?"

Anali Sellina. Anali atachotsa magalasi adzuwa.

"Sindikunena iwe."

"Mwanena m'Chichewa, ndamva ndekha. Mkazi wobwera alibe nyumba. Nanga ine ndinamera pano? Ana athu ndi Tawina ndi Mirriam, onse aakazi. Nyumba ya pa Chintheche ija, ine ndinkachapa zovala za azungu ku Joni mpaka zala kusupuka kuti tigule malata. Ndiye tsiku limene mudzagone inu, ang'ono anu adzabwera ndi penti yosauma, ine n'kukwezedwa basi ya ku Mulanje?"

"Sellina, usandichititse manyazi pagulu."

"Manyazi mwabwera nawo nokha pa lole."

Anatsegula kachikwama kake, anatulutsa makiyi, n'kuyenda kudutsa pakati pa amayi aja, zidendene za nsapato zikulowa m'dothi. Anawaika m'dzanja la NyaMhone n'kulipinda ndi manja ake awiri.

"Akulu, ndinkadziwa zonse ndipo ndinakhala chete. Mundikhululukire. Wamkuluyu ndi wakumaso. Chitseko chakumbuyo chimalimba, muzichikankha ndi bondo."

A Frackson anavala chipewa chawo. "Ana, musatsike! Mayi, pepani kwambiri, mawu aja ndinachita kuuzidwa. Ine sindingagone m'nyumba yochotsamo namfedwa, ngakhale itakhala ndi samahati ziwiri. A Longwe, ine ndi inu tionana mawa pa Chintheche, ndipo foni ikhale yotsegula."

"Kunyumba kwathu kumanse kuli zipinda ziwiri zongokhala," anatero abusa. "Mukayambe mwatula kumeneko, a Kachingwe. Nyumba tikufunirani, ya mwini wake weniweni." Kenako anatembenukira kwa a Gibson. "Inu munalonjeza pamaso pa mpingo kuti nyumbayi ndi ya alamu anu. Mpingo unamva, ndipo lero waona. Mukafuna kusintha mawu, mudzaimenso pomwe paja Lamulungu, mudzatiuze."

NyaMhone analowetsa kiyi. Loko analira, chitseko chinatseguka, ndipo fungo la penti linawalandira. Anavula nsapato n'kuponda matailosi ozizira. Anaima pakati pa chipinda chochezera, osachizindikira, mpaka anaona pakona pamene apongozi awo ankakonda kukhala. Anapukuta maso ndi nsonga ya duku. NyaManda anayambitsanso nyimbo, ndipo katundu anayamba kulowa, bedi patsogolo.

A Gibson anatsala okha pakapinga wawo, atagwira foni. Amayi ankawadutsa uku ndi uku osawayang'ana. Kukhitchini kunali kutatsala chinthu chimodzi chimene amayi anachilephera: mtondo waukulu wa mkuyu, wakuda ndi ukalamba, wolemera ngati mwala.

NyaMhone anasuzumira pawindo latsopano.

"Alamu! Mwangoima? Tandinyamulirani mtondowo, muuike pakhonde lakumbuyo. Mosamala, musandiswere matailosi anga."

A Gibson anayang'ana kumsewu. Anayang'ana mkazi wawo, amene anali atapinda manja pachifuwa. Anayang'ana abusa, ndipo abusa anawagwedezera mutu mowalimbikitsa. Pang'onopang'ono anavula jekete, analipachika pa nthambi ya mango, n'kuwerama.